"Kuphwanya ndinaphwanyadi, koma njiru ayi"

Amalume anga sanakane kuti anaphwanya zidina. Akanakana bwanji poti theka la mudzi linawaona? Linali Loweruka m'mawa, mwezi wa Ogasiti, nyengo ija mphepo imauluza fumbi ndi makoko a chimanga m'mabwalo. Mnansi wathu anali ataumba zidina pa kachigawo ka malo komwe mabanja athu awiri ankalimbirana kuyambira agogo akadali moyo. Amfumu anali atanena kuti aliyense aupeze mtima, nkhaniyo aikamba pabwalo maliro ena akatha. Mnansiyo sanadikire, anabwera ndi chikombole ndi anyamata awiri aganyu. Amalume nawonso sanadikire. Iwo ndiwo anali mwinimbumba, malowo ankawaona ngati a alongo awo, amayi anga ndi amayi aang'ono. Anatenga khasu n'kuyamba mzere woyamba, chidina chimodzichimodzi, osathamanga, osatukwana. Ine ndinali ndi zaka 15, ndikuchokera kumjigo ndowa ili pamutu, ndipo ndinaima pomwepo mpaka madzi anayamba kundiyenderera m'khosi.

Nkhaniyo inapitirira pabwalo la amfumu, inakafika kupolisi, kenako kukhoti. Ndinapita nawo tsiku loyamba, kuwaperekeza amayi. Mlandu unawerengedwa m'Chingerezi, ndipo mawu amene ndinawagwira, ngakhale ndinali wa Fomu 2 chabe, anali akuti malicious damage. Womasulira anatembenukira kwa amalume n'kunena kuti: "Mukuimbidwa mlandu wowononga katundu wa mnzanu mwanjiru. Mukuuvomera kapena mukuukana?"

Amalume anakhala kaye chete, chipewa chili m'manja. Kenako anati, "Kuphwanya ndinaphwanyadi, bwana. Koma njiru ayi."

Anawafunsanso. Yankho linali lomwelo. Khoti linalemba kuti aukana mlandu, ndipo nkhani imene ikanatha tsiku lomwelo inatenga miyezi, maulendo angapo a panjinga, mboni kuitanidwa kudzanena zimene mwiniwake anali atavomera kale. Pomaliza anapezeka olakwa, analipira chindapusa, anabwezanso ndalama za zidinazo. Mbuzi ziwiri zinapita. Koma za mbuzizo sindinawamvepo akudandaula. Chimene ankabwerezabwereza zaka zonse zotsatira, pamaliro, pazinkhoswe, ngakhale pomwa thobwa, chinali chimodzi: "Boma linandilemba m'buku kuti ndine wanjiru."

Womasulira uja sindimuimba mlandu. Lero ndimaphunzitsa Chingerezi kusekondale, ndipo ndikudziwa kuti mawu akuti malice ndi amodzi mwa mawu oterera kwambiri m'chinenerochi. Munthu woti amasulire pompopompo, majisitireti akudikira, atola mawu amene ali pafupi. Ndipo mawu amene ali pafupi ndi malice, m'kayankhulidwe ka tsiku ndi tsiku, ndi njiru ndithu. Vuto ndi lakuti malice ali ndi moyo wapawiri. Kumsika ndi kunyumba amatanthauza china, akalowa m'khoti amavula malayawo n'kuvala ena.

Ndiyambe ndi wakunyumbayo. Mawuwa analowa m'Chingerezi cha m'ma 1300, kuchokera ku Chifalansa chakale, chomwenso chinawatenga ku Chilatini, ku mawu akuti malitia, kuipa, ochokera ku malus, choipa. Kachidutswa ka mal kameneka mukapeza m'mawu ambiri amene timakumana nawo kuchipatala ndi m'manyuzipepala. Malnutrition ndi kusadya mokwanira komwe kumanyentcheretsa ana. Malaria, malungo athuwa, dzina lake linachokera ku Chitaliyana, kutanthauza mpweya woipa, poti akale ankaganiza kuti nthendayi imachokera ku mpweya wa m'madambo, asanadziwe za udzudzu. Ndiye malice ndi kuipa, koma kuipa kwa mtundu wake: kufunitsitsa kuti mnzako apwetekeke, avutike kapena achite manyazi, iwe n'kumvapo kukoma.

Ana a m'kalasi mwanga amakonda kuwasokoneza ndi jealousy, chifukwa jelasi tinaitenga kale n'kuisandutsa yathu. Ndimawauza kuti aganize za mayi awiri ogulitsa tomato moyandikana. Wina akaona kuti mnzake wagulitsa dengu lonse dzuwa lisanafike paliwombo, mtima n'kumuwawa, akulakalaka zikanakhala zake, imeneyo ndi envy, kaduka. Akamaopa kuti kasitomala wake wakale ayamba kugula kwa mnzakeyo, ndi jealousy, nsanje yeniyeni, ija ya pachikondi kapena pamitala. Akamakumbukira kuti chaka chatha mnzakeyo anamunyoza pagulu, n'kumazisunga, ndi grudge, mangawa, chakukhosi. Akagunda dala dengu la mnzakeyo ndi phazi kuti tomato atatu agubuduke, ndi spite, kachipongwe kakang'ono ka mtima wochepa. Koma akadzuka usiku n'kukathira parafini m'madengu a mnzakeyo, iye osapindulapo kalikonse, kungofuna kumuona m'mawa akulira, pamenepo mwafika pa malice. Wakaduka amafuna chimene uli nacho. Wa malice angathe kukhala kuti ali nazo zambiri kukuposa. Chimene akufuna ndi kugwa kwako basi.

Pa kagwiritsidwe kake pali tinthu tingapo timene ana amapunthwa nato pamayeso. Malice sawerengeka, sitinena kuti a malice kapena malices. Timati munthu wachita chinthu out of malice, kapena kuti he bears no malice, alibe naye chifukwa mnzakeyo. Potchula, mphamvu imagwera pachiyambi, pa ma, koma mu malicious imasamukira pakati, pa li. Ndipo abale athu a ku Angónia ndi ku Tete, amene anaphunzira m'Chipwitikizi, asamale: malícia wa kwawoko kawirikawiri amanena za ukathyali, kuchenjera kwa m'kabisira, kapena nthabwala yokhala ndi tanthauzo lobisika. Mungathe kumuuza mnzanu akuseka kuti ali ndi malícia, koma Mngelezi mukamuuza kuti ali ndi malice ubale watha.

Chichewa chathu pa nkhani ya kuipa mtima si chosauka ayi. Tili ndi njiru, kaduka, nsanje, dumbo, nkhwidzi, chidani, mangawa, chiwembu, mtopola, ndiponso kampeni kumphasa, kaja ka munthu wokusekerera masana. Omasulira Baibulo lakale lija, pa Akolose 3:8, pamene la Chingerezi la King James lili ndi malice, anasankha dumbo, mawu amene ana ambiri a m'tauni lero sawadziwa. Ngakhale m'nyimbo ya fuko lathu, nsanje tinaiika pamzere umodzi ndi njala ndi nthenda ngati mdani wa dziko. Koma pa mawu onsewa, njiru ndi imene imaluma kwambiri kumudzi, ndipo apa ndi pamene munthu wakunja sangamvetse chifukwa chake amalume anasankha kutaya miyezi ndi mbuzi m'malo mongoti "eya". Kwathu njiru imayenda moyandikana ndi ufiti. Mwana akadwala mosadziwika bwino, chimanga chikapserera m'munda umodzi wokha, mtsikana akalephera mayeso kachitatu, anthu sayamba ndi kutchula mfiti. Amayamba ndi kunong'ona kuti, "Pamudzi pano pali anthu anjiru." Munthu wamkulu, wa imvi, akangovomera pagulu kuti ndi wanjiru, wadzipachika yekha chingwe chimene ena adzachikoka tsiku lina maliro akadzagwa. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma tonse tikudziwa agogo angati amene athamangitsidwa m'midzi, ena kuphedwa kumene, nkhani itayambira pa manong'onong'o oterewa. Amalume ankateteza dzina lawo, ndipo pamenepo ankadziwa chimene akuchita.

Chimene sankadziwa, chimenenso ine ndinachidziwa patapita zaka zambiri, n'chakuti khoti silinkawafunsa za mumtima n'komwe.

Malamulo athu a milandu, Penal Code, tinawalandira nthawi ya atsamunda, cha m'ma 1930, ndipo mawu ake ambiri ndi a maloya a ku England a zaka mazana apitawo. Gawo 344, limene anthu owononga katundu amaimbidwa nalo mlandu, limadziwika ndi dzina loti malicious damage. Koma mukawerenga chiganizo chenichenicho, chimanena za munthu amene wawononga katundu wilfully and unlawfully, kutanthauza mwadala komanso mosaloledwa ndi lamulo. Basi. Mulibemo chidani, mulibemo kaduka. Funso la khoti linali lakuti: kodi munadziwa chimene mukuchita, ndipo munachichita mwakufuna kwanu, popanda lamulo lokulolani? Womasulira akanati "mwadala", amalume akanavomera asanamalize n'komwe kufunsa.

Nkhani imene inandimasula maso ndi mlandu wina wa ku England wa mu 1957, wa mnyamata wotchedwa Cunningham, wa mumzinda wa Bradford. Mnyamatayu anali pachitomero, ndalama zinamuthera. Analowa m'chipinda chapansi cha nyumba ina yopanda anthu, n'kuzula pakhoma mita ya gasi, ija yoponyamo makobidi, kuti abe ndalama zinali m'katimo. Anapezamo masheleni 8. Pafupi pomwepo panali kampopi kotsekera gasi, koma sanakatseke. Gasiyo anadutsa m'ming'alu ya khoma n'kulowa m'nyumba yoyandikana nayo, momwe munkagona mayi amene anali kudzakhala apongozi ake, ndipo mayiwo anatsala pang'ono kufa. Lamulo la mu 1861 limene anamuzenga nalo linali ndi mawu akuti maliciously. Woweruza woyamba anauza anthu othandiza kugamula mlanduwo kuti mawuwa akungotanthauza kuchita zinthu moipa mtima, kuchita chimene ukudziwa kuti suyenera kuchita. Mnyamatayo anapezeka wolakwa. Koma khoti la apilo linathetsa chigamulocho. Linati m'malamulo a milandu, malice satanthauza kuipa mtima mwachisawawa. Amatanthauza chimodzi mwa ziwiri: kufuna kuti choipa chimenecho chichitike, kapena kuona kuti chingathe kuchitika koma iwe n'kupitirira osalabadira. Linanenanso momveka kuti sipafunika kuti wolakwayo akhale ndi chidani ndi munthu amene wavulalayo.

Taonani mmene mawuwa atembenukira. Kuba mita n'kuipa ndithu, koma kuipa kumeneko pakokha sikunakwane. Ndipo mbali inayi, munthu amene amakukonda ndi mtima wonse angathe kupezeka ndi malice pamaso pa lamulo.

Pa mlandu wakupha ndiye zimaonekera bwino. Gawo 209 la malamulo athu limati wopha mnzake ndi malice aforethought wapalamula mlandu wa murder. Mawu awiriwa akamasuliridwa liwu ndi liwu amamveka ngati "njiru yokonzekeratu", ndipo ndamvapo anthu akukambirana nkhani za pawailesi akuti, "Koma ujeni uja sanakonzekere, komanso ankagwirizana ndi malemuyo, ndiye amupeza bwanji wolakwa?" Gawo 212 ndi limene limafotokoza. Malice aforethought alipo ngati munthu anafuna kupha kapena kuvulaza kwambiri munthu wina aliyense, kaya amene wafayo ndi yemwe ankamufunayo kapena ayi. Aliponso ngati ankadziwa kuti chimene akuchitacho chikhoza kupha kapena kuvulaza kwambiri, ngakhale kuti mumtima ankalakalaka zisatero. Gawoli limawonjezanso wofuna kupalamula mlandu waukulu, ndi wothandiza wopalamula mlandu waukulu kuthawa. Ndiye bambo amene wakwiya pamowa, watola mpini n'kumenya m'mutu mnzake amene anakulira naye limodzi, cholinga chomuvulaza chitamubwerera mphindi yomweyo, lamulo likhoza kumupeza ndi malice aforethought. Sipafunika kuti anagona nazo usiku. Sipafunika kuti ankamuda. Ophunzira malamulo amauzidwa m'chaka choyamba kuti m'mawu awiriwa mulibe njiru ndipo mulibe kukonzekeratu, koma mayi amene mwana wake ali m'kabokosi ka woimbidwa mlandu palibe amene amawauza zimenezi. Iwo amangomva kuti boma likuti mwana wawo anasunga chiwembu. Pamene malice aforethought palibe, mlandu umatsikira ku manslaughter, kupha munthu mosafuna, ndipo kusiyana kwa milandu iwiriyi ndi zaka zambiri za moyo wa munthu. Mpaka mu 2007, pamene Khoti Lalikulu linagamula pa mlandu wa Kafantayeni kuti chilango cha imfa chisakhale chokakamiza, aliyense wopezeka ndi mlandu wa murder ankalamulidwa kuti anyongedwe. Mawu awiri achilendo amenewa anali ndi kulemera kotero.

N'chifukwa chiyani maloya anawachotsa mtima mawuwa? Poyamba zinkandinyansa, ndinkaona ngati n'kusokoneza anthu dala. Pano ndimaona nzeru yake, ndipo ndi nzeru imene makolo athu anainena kale: mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Woweruza sangawoloke kukaona chimene chili kumeneko. Chimene angathe kuona ndi khasu, mpini, kampopi kosatseka, ndi zimene munthu wamaso ake akanadziwa pochita zimenezo. Khoti likanati lizidikira umboni wa chidani, wakupha aliyense akanangoti, "Ndinkamukonda," n'kutuluka.

Komabe si kuti Angelezi anaiwaliratu tanthauzo lakunyumba lija. M'milandu ya pakati pa anansi limabwereranso, ndipo milandu iwiri yakale imandikumbutsa kwathu. Woyamba ndi wa mu 1895, wa ku Bradford komweko. Bambo wina dzina lake Pickles anali ndi malo kumtunda kwa akasupe amene mzindawo unkatungako madzi. Anakumba m'malo akewo kuti apatutse madzi oyenda pansi pa nthaka, ndipo akuluakulu a mzinda anati cholinga chake chinali kuwakakamiza kuti amugule malowo pamtengo wokwera. Khoti lapamwamba kwambiri la dzikolo linati ngati lamulo limamulola kukumba pamalo ake, cholinga chake, kaya n'choipa chotani, sichisandutsa chololedwa kukhala choletsedwa. Pickles anapambana. Wachiwiri ndi wa mu 1936. Munthu wina ankaweta nkhandwe za ubweya wamtengo wapatali, ndipo anaika chikwangwani cha famu yake m'mbali mwa msewu. Mnansi wake Emmett, amene ankafuna kugulitsa mapuloti, anaona kuti chikwangwanicho chithawitsa ogula. Atakana kuchichotsa mwini famuyo, Emmett anatuma mwana wake kuti aziwomba mfuti m'malire, mbali ya malo awo omwe, pa nyengo imene nkhandwezo zimaswana, akudziwa kuti zikadzidzimuka sizibereka bwino ndipo zina zimapha ana awo. Apa khoti linati ayi. Kuwomba mfuti pamalo ako n'kololedwa, koma phokoso lochitira dala kuti mnzako aluze ndi mlandu. Emmett anagonja, ndipo chinamugwetsa ndi njiru yeniyeniyo, ya tanthauzo la kumsika lija.

Ndikawerenga milandu iwiriyi ndimaona anthu a kwathu: wotseka ngalande ya madzi kumtunda kwa dimba la mnzake, wobzala bulugamu m'malire kuti mthunzi ndi mizu ziphe chimanga cha mnansi. Kubwalo la amfumu Pickles sakanapambana. Kumeneko funso loyamba limakhala lakuti, "Inu a ujeni, mnzanuyu anakulakwirani chiyani?" Bwalo lathu limafuna kuchiza ubale, ndiye liyenera kufukula za mumtima. Khoti la boma limafuna kugamula mlandu, ndiye nthawi zambiri limazilambalala. Amalume analowa m'khoti la boma ndi makutu a kubwalo la amfumu.

Pali malo ena amene mawuwa anapatsidwanso tanthauzo lachitatu, ndipo atolankhani amalidziwa. Mu 1960 nyuzipepala ya New York Times inasindikiza chilengezo chopempha anthu kuti athandize Martin Luther King Jr. ndi anzake omenyera ufulu wa anthu akuda. M'chilengezocho munali tinthu tina tolakwika pofotokoza zimene apolisi a ku Montgomery, m'chigawo cha Alabama, anachita. Mkulu woyang'anira apolisiwo, L. B. Sullivan, anasumira nyuzipepalayo kuti yamuipitsira mbiri, ndipo khoti la ku Alabama linamupatsa madola 500,000. Mu 1964 Khoti Lalikulu la America linathetsa chigamulocho, oweruza onse 9 atagwirizana. Linati wogwira ntchito ya boma sangapambane mlandu wotere pokhapokha ataonetsa actual malice, ndipo linafotokoza kuti uku ndi kufalitsa nkhani ukudziwa kuti ndi yabodza, kapena osalabadira n'komwe ngati ili yoona kapena ayi. Mtolankhani angathe kumuda nduna ndi mtima wake wonse, koma ngati anafufuza nkhani yake moona mtima, actual malice palibe. Ili ndi lamulo la ku America, si lathu, koma limandithandiza ndikamawerenga zikalata zimene akuluakulu ndi mabungwe kuno amatulutsa nkhani ikawaphulikira. Mwaziona inunso pa Facebook: nkhaniyo amaitcha false, baseless and malicious. Mawu awiri oyambawo akunena za nkhaniyo, ndipo angathe kutsimikizidwa ndi malisiti ndi mabuku a ndalama. Achitatuwo asiya nkhani, aloza munthu amene wafunsayo. M'Chichewa timachitanso chimodzimodzi: "Ndi anthu ansanje chabe amenewo." Zimandipweteka ndikaona funso labwinobwino, loti ndalama za mlatho kapena za mankhwala zapita kuti, likufera pamenepo. Wofunsa angakhale wanjiru ndithu, koma ndalamazo zikadali zosaoneka.

Ngakhale mafoni athu alowa nawo m'nkhaniyi. Malware, mapulogalamu aja amaba manambala achinsinsi ndi kuwononga kompyuta, dzina lake ndi chidule cha malicious software. Amene anakutumizirani linki yabodza ija sakudziwani, sakudani, akungofuna ndalama za mufoni mwanu. Ndi malice wa m'khoti uja, wopanda nkhope.

Pa malo onse amene ndawapeza mawuwa, amene amandikhudza kwambiri ndi pamene Abraham Lincoln anawayankhula pa 4 Malichi 1865, polumbira kachiwiri kukhala pulezidenti wa America. Nkhondo yapachiweniweni inali kumapeto, anthu oposa 600,000 atafa, mbali yake ikupambana. Anthu ambiri ankayembekezera mawu a wopambana. Iye anati, "With malice toward none, with charity for all," kutanthauza kuti tisasungire munthu aliyense chakukhosi, tichitire onse chifundo. Sananene kuti mbali inayo sinalakwe. M'mawu omwewo anatchula ukapolo kuti ndiwo gwero la nkhondoyo. Anangosiyanitsa zinthu ziwiri zimene ife timakonda kuziphatikiza: kulimbana ndi munthu chifukwa walakwa, ndi kufuna kuti munthuyo awonongeke. Patangotha milungu 6 anawomberedwa, n'kumwalira pa 15 Epulo. Ndikamaphunzitsa chiganizo chimenechi ndimaona ana akuchilemba mosamala m'makope, ndipo ndimadziwa kuti ena mwa iwo akuchokera m'mabanja amene sapatsana moni chifukwa cha malire a munda.

Tsono ndibwerere kwa amalume, chifukwa pali chimene sindinanene.

Zaka zonsezi ndakhala ndikuifotokoza nkhaniyi ngati ya munthu wosalakwa mumtima amene mawu achilendo anamupweteka. Ndi mmene banja lathu limaikambira. Koma ine ndinaima pamenepo ndi ndowa pamutu, ndipo ndinaona. Malo olimbiranawo ankathera pa mzere wa khonje. Zidina zambiri zinali mbali yathu ya khonjeyo, pamalo a mkanganowo. Koma panali mizere ina iwiri imene anyamata aganyu anayanika kuseri kwa khonje, pabwalo la mnansiyo penipeni, pamene panalibe amene ankatsutsa kuti ndi pake. Amalume atamaliza za pamalo olimbiranawo anaima, anapukuta thukuta ndi chipewa, n'kuyang'ana mizere iwiri ija. Kenako analumpha khonje. Mkazi wa mnansiyo anali pakhonde, mwana kumsana, akungoti, "Achimwene, zimenezo ndiye zalakwanji?" Iwo sanayankhe. Anaziphwanya zonse, ndipo chomalizira anachiponda ndi chidendene.

Khoti silinasiyanitse zidina za uku ndi za uko. Kwa ilo zonse zinali katundu wa mwini wowonongedwa mwadala, gawo 344, nkhani yatha. Ndi ine amene ndakhala ndikuzisiyanitsa. Za mbali yathu ndimazimvetsa: unali mkwiyo wa mwinimbumba amene akuona malo a alongo ake akumangidwapo nyumba amfumu asanagamule. Koma mizere iwiri ija inalibe chochita ndi malo. Kuiphwanya sikunabweze ngakhale phazi limodzi la nthaka. Ndikafuna chitsanzo cha malice wa tanthauzo loyamba lija, cha m'moyo wanga, sindipita kwa Emmett ndi nkhandwe zake. Ndimaona chidendene cha munthu amene anandilipirira fizi kuyambira Fomu 1 mpaka kukoleji, munthu amene sindinamuonepo akumana mlendo nsima. Sindikhulupirira kuti amalume ndi munthu wanjiru. Ndikhulupirira kuti njiru inawapeza kwa mphindi zingapo m'mawa umenewo, monga imapezera aliyense wa ife, ndipo mwina chimene chinkawasowetsa tulo si bodza la khoti ayi, koma kachoonadi kochepa kamene womasulira anakagunda mosadziwa.

Chaka chatha patchuthi cha Khirisimasi ndinapita kukawaona. Akalamba tsopano, maso achita ng'ala, amakhala pampando wa ndalema pansi pa mtengo wa mango. Mnansi uja anamwalira kalekale, ndipo nyumba ya njerwa zootcha imene ana ake anamanga ili pamalo ena, chifukwa amfumu anadzagawa kachigawo kaja pakati. Tikusenda chinangwa, anaiyambanso nkhani ija, mawu ake omwe aja. Ndinaganiza kuti nthawi yakwana.

"Amalume," ndinatero, "mukudziwa kuti boma silinakulembeni kuti ndinu anjiru? Mawu aja a Chingerezi, m'khoti amangotanthauza kuti munachita mwadala."

Anasiya kusenda. "Ukuti bwanji, Naphiri?"

Ndinawafotokozera pang'onopang'ono, za gawo lija, za mnyamata wa mita ya gasi ndi apongozi ake. Anamvetsera mutu uli cham'mbali, monga amachitira pomvera wailesi. Nditamaliza anati, "Mwadala, eya. Limenelo ndikanalivomera tsiku lomwelo. Nanga bwanji sanangonena choncho?"

Ndikanatha kulekera pomwepo. Koma ndinafunsa, mawu ali pansipansi, "Nanga zija za kuseri kwa khonje?"

Anakhala chete nthawi yaitali, mpeni uli m'dzanja, nkhuku zikutola makoko a chinangwa pamapazi awo. Ndinayamba kuganiza kuti sanamve, kapena kuti ndawalakwira.

"Unaziona eti?" anatero.

"Ndinaziona, amalume."

Anagwedeza mutu, n'kutola chinangwa china m'lichero. "Zinali 64," anatero. "Ndinaziwerenga."